Makina Tinawaika Kumadzulo

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi. Sukulu yanga inali yakumudzi, kum'mawa, ndipo za mphepo ndi makompyuta alipo ozidziwa kuposa ine. Koma nkhaniyi ndinalimo, ndipo yakana kundichoka mumtima.

Nditafika ku Kitwe ndinkakhala kwa azakhali anga ku Luangwa. Amuna awo anali atamwalira atagwira ntchito mumgodi zaka zambiri, ndipo iwo ankalera kamdzukulu kamkazi kamene kankatsokomola kosalekeza. Kumadzulo kwa nyumba zathu kampani ina inkathira mulu wa dothi lochokera kumigodi. Anthu ankanena kuti m'dothimo muli yureniyamu, mwala umene amati umatulutsa mphamvu yosaoneka yodwalitsa anthu. Azakhali anayenda khomo ndi khomo ndi amayi akutchalitchi, nalemba kalata yodandaula kuboma kuti muluwo uchoke.

Ntchito yoyeza fumbilo inapatsidwa ku kaofesi kena ka ku Parklands, komwe ine ndinali nditangolembedwa kumene. Azakhali atamva anaomba m'manja.

"Basi tapambana! Mwana wathu ali m'kati momwemo. Iwe, ukawauze zonse, wamva?"

"Ndamva, azakhali."

Bwana wanga anali mayi wophunzira kwambiri, wosakalipa. Anandionetsa pakompyuta mapu a tauni odzaza ndi timivi, nati timiviti tikulosera kumene mphepo idzalowere mwezi wonsewo. Timivi tonse tinkaloza kumadzulo, kutchire, kutali ndi nyumba. Makina okoka fumbi tinali nawo awiri okha, choncho anayenera kuikidwa kumene fumbi likupita.

Kenaka anatembenuka nandiyang'ana.

"Iwe umakhala komweko. Mphepo imayenda chonchi?"

Ndinkadziwa kuti ayi. M'mawa inkapitadi kumadzulo, koma nthawi imeneyo malole amakhala asanabwere. Ikakwana fifitini, 3 koloko masana, malole akukhuthula dothi, mphepo inkatembenuka n'kubwera kwathu. Ndine amene ndinkathamangira kukanula zovala pachingwe, malaya oyera a kamdzukulu atasanduka otuwa. Koma kwathu mwana satsutsa mphunzitsi, ndipo pano panali mphunzitsi ndi kompyuta yomwe. Ndinaganizanso kuti ndikatchula za chingwe cha zovala andiona ngati wakumudzi.

"Ee, madamu, imayenda chomwecho."

Makina tinawaika kumadzulo. Ndinawanyamula ndekha, n'kuwamanga bwinobwino pamitengo yachitsulo, ndipo tsiku lililonse ndinkasintha timapepala tosefa fumbi mosamala ngati ndagwira mazira. Madamu ankandiyamikira kuti sindilakwitsa. Masana ndinkaima pafupi ndi makinawo n'kumaona fumbi likunyamuka pamulu, likundifulatira, likupita kwa azakhali.

"Nanga bwanji makina anuwo ali kutchire?" anafunsa azakhali tsiku lina akukuntha nsalu ya pathebulo. "Akuyeza chifuwa cha agulugufe?"

"Kompyuta ndiyo yanena, azakhali."

"Kompyutayo imachapa zovala kuno? Mayo ine! Tinatuma bubu wosalankhula."

Anaseka, nanenso ndinaseka nawo. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikawauza madamu, mawalo likafika ndinkangoti mwadzuka bwanji.

Timapepala tinapita kukayezedwa, tinapezeka ndi fumbi lochepa. Lipoti linati mphepo imachotsa fumbi kunyumba za anthu, ndipo palibe choopsa chapezeka. Kuboma anatseka dandaulo lija. Sindikunena kuti m'fumbimo munalidi yureniyamu. Mpaka lero sindidziwa, ndipo palibe akudziwa, chifukwa fumbi limene linkagwa pakhomo pathu silinayezedwe.

Madamu ndinawauza mvula itagwa kale, fumbi litagona. Ndinalankhula nditayang'ana pansi. Sanakalipe. Anavula magalasi nati kompyuta imaona mphepo ya dera lalikulu, sidziwa za mulu umodzi kapena chigwa cha mtsinje, ndipo imatha kuphonya mphepo yapansi yamasana.

"N'chifukwa chake ndinakufunsa," anatero. "Sindinkakuyesa mayeso ayi."

Analembera boma kalata yopempha kuti tikayezenso chilimwe chotsatira, koma yankho silinabwere.

Azakhali ndinawauza madzulo a tsiku lomwe ndinauza madamu, akusita. Anapitiriza kusita mpaka malaya anatha.

"Anakufunsa ndi pakamwa pawo?"

"Ee."

"Ndiye iwe unati chiyani?"

Anapinda malayawo nati, "Tinakulera ndi ulemu wambiri, mwana wa achimwene."

Sanafune kudikira chilimwe china ndi mwana wotsokomola. Nyumba imene amuna awo anawasiyira anaipereka kwa alendi, iwo n'kukakhala kwa mwana wawo wamkulu ku Pamodzi, ku Ndola, m'chipinda chimodzi ndi kamdzukulu. Katundu ndinakweza ndine. Chingwe cha zovala anachimasula okha, nachikulunga padzanja, nachiika m'chikwama. Galimoto inanyamuka titangochoka ku Misa ya m'mawa, Lachitatu la Phulusa la chaka chathachi.