Njala Pabolodi

Ine pakhosi panga sipanandichititsepo manyazi. Ndili mnyamata ndinkaitanira anthu basi pa Ulongwe, wa kuseri kwa msika n'kumva bwinobwino, n'kubwera akuthamanga ndi katundu pamutu. Ndiye pamene anatitumizira mphunzitsi wa sukulu ya akuluakulu, munthu wa mawu ngati njiwa yodwala, anthu sanavutike kufuna womuthandiza. Analoza ine.

Aphunzitsiwo anachokera kutali, dziko lina la kuzambwe kwa Afirika konkuno. Ife tinkadikira mzungu. M'galimoto munatsika munthu wakuda kuposa ine, wowonda, wa magalasi. Mavuto awo anayambira pomwepo. Mzungu akalakwitsa anthu amaseka, amati ndi mzungu. Iwowa panalibe wowakhululukira. Amayi akawapatsa moni wa Chiyao, "Ajimwiche uli," iwo n'kungomwetulira, kumbali ankati munthuyu n'ngonyada, sukulu yamuiwalitsa kwawo. Tsiku lina anati "iwe" kwa a shehe pakhomo penipeni pa mzikiti, ndipo wopepesa ndinali ine. Pamsika anyamata a malaya ofiira ankawaimitsa kufuna khadi la chipani. Iwo n'kutulutsa pasipoti, anyamata n'kumaitembenuzatembenuza ngati nsomba yokayikitsa.

Ankakhala m'kanyumba ka malata kuseri kwa sitolo. Madzi a pachitsime anawatsegula m'mimba, malungo nawo osawasiya. Chichewa chawo chinali cha m'buku, chowongoka ngati cha pawailesi, moti nthabwala zathu zinkawadutsa pamutu. Koma ulesi iyayi, analibe. Ngakhale akunjenjemera ankabwera.

Sukulu yathu inali pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa msewu wopita ku Mangochi. Bolodi ndinkasenza ine. Iwo akaloza chilembo ndi ndodo n'kunong'ona, ine ndinkachikweza kuti chipose malole odutsa, anthu n'kubwereza pambuyo panga. Zilembo zimene ndikulembera panozi ndinazitola momwemo, pofuula. Buku sankalikonda kwenikweni. Ankati, "Mawu achokere kwa inu, ine ndingolemba." Wina akati khasu, iwo khasu pabolodi. Wina mbuzi, iwo mbuzi. Anthu ankasangalala kuona mbuzi yawo italowa m'choko.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula. Chinapserera chili chiimire. Pofika dzinja lotsatira nkhokwe zinali pululu, anthu tikudya mango aawisi owiritsa ndi gaga. Koma wailesi inkati dziko lakhuta. Kunena kuti kuli njala kunali kutukwana mwini dziko, ndipo wotukwana ankabwera kudzamutenga, ana ake n'kutsala akuyang'ana msewu. Tonse tinkadziwa zimenezi monga mmene umadziwira kuti moto umaotcha. N'chifukwa chake palibe anaganiza zowauza aphunzitsi. Munthu wakuda, wamkulu ndithu, ungamuuze kuti moto umaotcha?

Tsikulo tinali pa "nj". Aphunzitsi anati titchule mawu. Wina njinga. Wina njira. Mkulu wina wosoka zovala anati njoka, n'kuloza mlamu wake, tinaseka pang'ono. Kumbuyo kunakhala mayi wina wamasiye, wa m'mabanja aja makolo awo anachokera ku Mozambiki, ana awiri kunyumba, wachitatu kumsana. Anali akusinza ndi kufooka. Sindikhulupirira kuti ankadziwa kuti pakamwa pake patseguka. Anangoti, "Njala."

Aphunzitsi nkhope inawala. "Mawu abwino kwambiri, amayi." Analemba zilembo zikuluzikulu, n'kuloza ndi ndodo, n'kundiyang'ana.

Ine duu.

Anayesa sindinaone. Analozanso. Kenaka munthu amene mawu ake sankafika ngakhale pamzere wachiwiri anadzikakamiza yekha, n'kukweza, "Nja-la. Tonse pamodzi. Nja-la." Panalibe wobwereza. Wosoka zovala uja anakumbukira kuti wasiya makina panja. Amayi anayamba kukutumula zitenje. Ndinavula malaya n'kupukuta bolodi, koma linali litayang'ana kumsewu, ndipo pamsewu pamadutsa anthu odziwa kuwerenga.

Tikubwerera ndinawafotokozera aphunzitsi zonse, nthawi ino motsitsa. Anaima pakati panjira. "Koma ana akutupa miyendo, bambo. Ndawaona." Ndinati nanenso ndawaona, maso ndili nawo, koma mayi uja akatchulidwa dzina ana ake alera ndani? Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, kupukuta osamaliza.

Kutacha atcheya a chipani anabwera ndi anyamata awo. Anatisonkhanitsa tonse pansi pa mango uja, mayi wamasiye ali pakati pa anzake, mutu pansi.

"Tamva kuti kuno mawu amachokera kwa ophunzira," anatero atcheya. "Aja a dzulo anachokera kwa yani?"

Anatembenukira kwa ine. Tinavinidwa limodzi munthu ameneyo, kusimba ankalira kuposa tonse.

"Achimwene, inu mumakhala kutsogolo. Munamva."

"Atcheya, ine ndine pakamwa pa sukuluyi, si khutu lake. Ndi phokoso langali ndimadzimva ndekha basi."

Mnyamata wina anaseka, atcheya n'kumuyang'ana, kuseka n'kuthera pakhosi.

"Mawuwo ndi anga," anatero aphunzitsi. "Ndinawapeza m'buku limene ndinaphunziramo Chichewa. Palibe anandipatsa."

"Kwanuko iliko njala?"

"Iliko."

"Ndiye mwabwera nayo m'chikwama, kudzaigawira anthu okhuta." Atcheya anayang'ana khamu lonse mmodzimmodzi, kudikira wotsutsa. Ndikuganiza kuti ankadziwa. Pamudzi palibe chobisika. Koma anali atapeza womupereka kwa akuluakulu awo, mlendo wopanda mbale woti adzawalirire pakhomo, ndipo zinawakwanira.

Galimoto ya apolisi inabwera masana omwewo n'kuwatenga aphunzitsi. Bolodi analikwezanso, ati umboni, ngakhale linali lopukuta.

Patapita masiku ndinamva kuti akuwasunga ku Balaka, kudikira mapepala owatulutsira m'dziko. Ndinalongedza zovala zawo m'sutikesi n'kukwera basi. Ambiri anandiletsa, ati udzipalamulira. Ine sindinaopepo polisi, ndinalowa chilowereni n'kupereka moni woti ofesi yonse inadzuka. Anawatulutsa pakhonde kanthawi kochepa. Analibe magalasi, analibe lamba, buluku atagwira ndi dzanja, mlomo wotupa mbali imodzi. Anandizindikira ndi mawu.

"Bambo, sukulu?"

"Yatsekedwa."

Anagwedeza mutu. Wapolisi anali chiimire pambali pathu, choncho anafunsa mozungulira. "Nanga ophunzira anga onse ali bwanji? Onse?"

"Onse ali m'makwawo, aphunzitsi. Akupalira."

Anatseka maso. Wapolisi anatenga sutikesi, n'kuwakankhira m'kati. Sindinawaonenso, ndipo kalata sinabwere, kaya analemba kaya sanalembe.

Mayi uja sanatengedwe. Tikakumana pachitsime kapena pamsika ankandipatsa moni wa masiku onse, nkhani ija osaikhudza mpaka imfa yake. Ana ake awiri aakulu anawalera yekha, anakula, wina ali ndi golosale pa Liwonde. Wakumsana uja anamwalira chimanga chisanache, ndipo kumanda tinauzana kuti anali malungo.