Mwendo wanga unatsogola kumanda

Kanayamba ngati kachilonda wamba. Chitsa chinandikanda pamsongolo wakumanja tikupalira chimanga ku Likoswe, mwezi wa Januwale, chaka chotsatira njala yaikulu ija. Ine ndinali telala pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina kufupi ndi Nguludi. Makina anali ake, manja ndi miyendo zinali zanga. Ndinkaopa kuti ndikajomba tsiku limodzi pampando wanga pakhala wina, choncho chilondacho ndinkangochimanga ndi tizidutswa ta nsalu n'kumapondabe makina. Lero kobiriwira, mawa kamaluwa. Chilonda changa chinkavala bwino kuposa mkazi wanga Anastazia, ndipo iye sanachedwe kundiuza zimenezo.

Pofika Malichi chinali chitakula ngati chikhatho, chikutuluka mafinya, thupi likutentha madzulo alionse. Fungo lake linkapereka moni kwa makasitomala ine ndisanatsegule pakamwa. Tinayesa phulusa, tinayesa masamba a amalume, chilonda chinadya zonsezo n'kupempha zina. Pasaka itatha anandinyamula pamachila kupita ku chipatala cha mishoni.

Sisitere atamasula nsaluzo anangoti, "Bambo, mukanabwera chimanga chisanamasule." Ankachitsuka m'mawa uliwonse Misa ikangotha, ife a zilonda titandanda pabenchi ngati ana a katekisimu. Patatha masabata awiri chisakumva mankhwala, dokotala anadula mwendowo pansi pa bondo. Nditatsitsimuka ndinalira, sindibisa, ndipo chimene chinkandiliza kwambiri chinali makina aja.

Tsono kwathu chiwalo cha munthu sichitayidwa kudzala. Alamu anga a Fabiano, munthu wosadziwa kuchita zinthu pang'ono, anakulunga mwendowo mumphasa yathunthu n'kuitana adzukulu, amayi angapo akutsatira pambuyo ndi nyimbo. Njira ya kumanda imadutsa pasitolo. Mmwenye ataona abale anga onse ali pamzere, wosowapo ine ndekha, sanafunsenso zambiri. Anatumiza nsalu yoyera ya chipepeso, mawa lake n'kuika telala wina pampando wanga. A Fabiano nsaluyo anailandira ndi manja awiri, ati chopatsidwa sakana.

Ndinakhala m'chipatala mpaka nyengo yozizira itatha. Kalipentala wa pamishoni anandisemera mwendo wa mlombwa wokhala ndi malamba achikopa, ndipo ndinaphunzira kuyenda ndikugwira zipupa. Zala zimene zinali kumanda zinkayabwabe. Sisitere anati zimatero, ndisadandaule.

Tsiku limene ndinatulukira pasitolo, mayi wina amene ndinkamusokera maderesi anataya dengu n'kuliyatsa liwiro. Mmwenye analimba mtima, nandigwira paphewa kuti atsimikize.

"Telala, pepani kwambiri," anatero. "Koma makina awa amafuna miyendo iwiri. Khalani kunyumba, mupume."

"Bwana, kupuma ndapuma miyezi isanu. Ana anga adya kupumako? Ndipatseni nsalu muone."

Anakana. Ndinakhala pansi pakhonde pomwepo, mawa lake ndinabweranso, mkuja chimodzimodzi. Mtima unkandiwawa zedi. Anthu ondidziwa zaka khumi ankandisiyira chinangwa poyesa kuti ndayamba kupempha, pamene manja anga anali omwe aja. Tsiku lachinayi Mmwenye anatopa nane, nati ndisoke malaya amodzi anthu akuona.

Chiyambi chake chinali chochititsa manyazi. Mwendo wa mtengo uja unaterereka pachopondera n'kukamenya chitini cha mabatani, mabatani mbwee khonde lonse. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinamasula malamba, mwendowo n'kuutsamiritsa kukhoma ngati ambulera, ndipo ndinaponda ndi wamanzere wokha. Makina sanawerenge miyendo, anangoyenda. Malaya atatha, maso a Mmwenye anali adakali pabondo langa.

"Bwana, wogula sadzavala bondo langa. Yang'anani msoko."

Anawatembenuza malayawo, anakoka msoko, anauyang'ana padzuwa, osapezapo cholakwika. Ndinamupempha kuti telala mnzanga uja asamuchotse, poti nayenso anali ndi ana. Sabata yotsatira anabwera ndi makina achiwiri kuchokera ku Limbe, ndipo tinkasoka moyandikana.

Lero ndili bwino. Podulidwapo pamawawa kukazizira, ndipo mvula ikagwa ndimayenda ndi ndodo chifukwa mlombwa sudziwa matope. Inu amene muli ndi kachilonda kosapola, pitani kuchipatala kakadali kakang'ono. Ntchito ndinaimenyera n'kuipezanso, koma mwendo sindinaupeze. Ndipo inu olemba anthu ntchito, muyeseni munthu musanamuuze kuti akapume. Zaka zonsezi ndasoka pakhonde lija, palibe anabwezapo malaya ponena kuti anasokedwa ndi mwendo umodzi.