Nkhope ya amayi ili pa malonda a mankhwala

Moni nonse. Zimene ndaona lerozi zandikwana.

Mukukumbuka anyamata aja ankayeza shuga mwaulere pamsika wa Bangwe? Amayi atayezetsa, anawajambula nkhope n'kuwadinditsa chala pa tabuleti, kakompyuta kam'manja kaja.

M'mawa uno aneba athu abwera akuthamanga, foni ili m'manja. Pa intaneti pali vidiyo yotsatsa mankhwala a shuga, ndipo akulankhulayo ndi amayi athu. Nkhope ndi yawo, duku lobiriwira lija ndi lawo, koma mawu ndi opangidwa pa kompyuta. Akuti anachiriratu, mpaka m'Chizungu choterera, amayi amene sukulu anasiyira sitandade 3!

Ndapita ku ofesi ya anyamatawo ku Limbe. Mtsikana wa pakauntala wangoti, "Agogowo anavomera okha, chala chawo ndi ichi." Ndati, "Anavomera kuyezetsa, osati kukugulitsirani malonda!" Akuti abwana kulibe.

Pano azimayi awiri akumpingo aimba kale foni kufunsa kogula mankhwalawo, wina akufuna kusiya akuchipatala. Amayi akungolira, akuti munthu akafa anthu aziloza iwo.

Achimwene a Yohane, paja munati kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu. Tikadandaule kuti? Kapena tiyambe tajambula amayi enieniwo akukana?