Mchere wa a Makwinja

Ntchitoyi ndinaipeza chifukwa cholongolola. Ndinkagulitsa mabuku akale pafupi ndi msika wa Zomba, ndipo poti ogula ankasowa, ndinkangowawerenga ndekha. Tsiku lina nesi wina, a Namagowa, anandipeza ndikulalikira mayi wa mandasi za kuipa kwa mafuta. "Pakamwa panupa pakungowonongeka," anatero. "Bwerani kuchipatala kwathu muzilangiza odwala za kadyedwe."

Anandipatsa sikelo, tepi yoyezera mkono wa ana ndi chithunzi cha magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Ndinkachiloza ndi kamtengo ngati mphunzitsi, chonsecho ineyo masana ndinkadya chipisi cha pachiwaya.

Kunabwera a Makwinja a ku Mtiya, ocheka matabwa kuphiri, ali ndi akazi awo. Magazi a bambowo ankathamanga kwambiri. Bamboyo ali pamzere wa mankhwala, ndinaitanira mayiwo pambali. Buku lina la zakudya limene ndinawerenga linkati mchere uchepe, koma ine ndinawonjezera moto. "Mayi, ngati amuna anuwa mukuwafuna amoyo, mchere m'ndiwo musiyiretu. Musawauze, angakane."

Patapita masabata angapo, a Makwinja anatulukira. Kumbuyo kwawo kunali mayi aja, maso ali psu, ndi ankhoswe, mlongo wawo wa mayiwo.

Pamenepo m'pamene mutu unagwira. Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi amatuma mwana kuthira mchere, masiku ochepa zatha. Koma akaleka osayambiranso, akulu amati wayenda ndi mwamuna wina, akuopa kudula mwamuna wake. Ndinkazidziwa kuyambira ubwana, kungoti buku langalo linalembedwa kumene mchere ndi mchere basi. Banja linali litafika pakuti mayi amange katundu.

"Akuti anawanong'oneza ndi mnyamata wa kuchipatala," anatero a Makwinja. "Ndabwera ndimuone mnyamatayo. Ndinu?"

Ndinayang'ana manja ocheka matabwa aja. Ankhoswe anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Aka? Ayi alamu, aka sikangathe. Taonani timiyendoto."

Sindinayambe ndakondwerapo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo.

A Namagowa anawakhazika onse pabenchi, n'kuwamanga a Makwinja lamba woyezera magazi pamkono. "Bambo, mkazi woyendayenda akanakuthirirani mchere wodzaza dzanja kuti mutsogole msanga. Awa akudya zozizira limodzi nanu kuti mukhale moyo."

A Makwinja anawerama. "Ndiye bwanji osandiuza ine mwini mimba?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinapepesa, kamtengo kanga kali kumbuyo. Tinagwirizana kuti mayi azithira kamchere kotsina ndi zala, bambo akuona, koma wowonjezera pambale ayi. Potuluka ndinamva akukangana za usipa wouma, ngati nawonso ndaletsa. Ndinadziwa kuti banja lapulumuka.

Kuyambira pamenepo, nkhani ya mchere ndimaiyamba mwamuna ndi mkazi atakhala benchi imodzi, ine ndili cha kukhomo.