Magazi a Rosalina

Nélia anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ndipo mtendere utabwera analowa m'dziko lakwawo ali kumsana. Anakula wamakani, wosanyengerera munthu. Zaka khumi ndi zisanu anazithera pa kachipatala kena panjira ya ku Molumbo, akubaya anthu pamkono n'kutenga magazi okayeza. Pakamwa pake anthu ankapaopa, komabe akakumana naye panjira ankamuninkha nandolo.

Tsoka linabwera ndi Isac, mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula, munthu wosadutsa chitsulo osachitola. Tsiku lina anatola chachikasu, cholemera zedi, chomwe chinagwa m'lole ya omanga mlatho. Anachimenya ndi hamala mpaka chinatseguka. M'kati munatuluka kachitsulo konyezimira kotalika ngati chala, ndipo mkazi wake Rosalina anakamanga pamfundo ya chitenje, n'kuyenda nako masiku awiri akuonetsa anzake kumjigo. Nyumba yonse inasanza, kenako onse anadzuka bwinobwino. Isac yekha ndiye anatuluka matuza m'manja.

Eni chitsulocho anabwera ndi makina olira, anakanyamula ndi mbano zazitali n'kupita. Kenako dokotala wa ku Maputo anamuimbira Nélia. Anati kachitsuloko n'kounikira m'kati mwa zitsulo zowotcherera, ndipo kamatulutsa mphamvu yosaoneka yopsereza munthu m'mafupa iye akuyenda ndi kuseka. M'magazi muli tizigawo tokhala ndi timaulusi, anatero, ndipo mphamvuyo ikadutsamo timaulusito timaduka n'kulumikizana molakwika. Akawerenga toduka amadziwa amene wapsa kwambiri, n'kuthamangira naye kuchipatala chachikulu asanagwe. Ankafuna magazi a anthu asanu ndi anayi amene anakagwira, ndipo magaziwo afike ku Milange tsiku lomwelo.

Nélia anapalasa njinga mpaka kumudzi kwa Isac. Anawabaya onse, n'kulemba dzina pa kabotolo kalikonse. Amene ankamudetsa nkhawa anali Rosalina, koma mwini wakeyo anabwera kuchokera kumunda ndi khasu paphewa, akuseka kuti amubaye msanga, ntchito ikudikira.

Chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa, anthu oyamwa magazi a anzawo n'kukagulitsa, inali itadzukanso. Ndiye taganizani, mkazi wanyamula bokosi la magazi a anthu osadwala, akuthamanga nalo dzuwa lili paliwombo. João Baptista, mlongo wake wa Rosalina, atamva pobwera kumsika sanafunse kawiri. Anamutchingira Nélia pa mlatho wamitengo ndi chigulu cha anthu.

"Dona Nélia, bwezani magazi a mlongo wanga. Munthu ali bwinobwino, mukukamugulitsa kuti?"

"Bambo João, mlongo wanuyo akudwala, sakudziwa chabe. Ndisiyeni ndidutse."

Anayankhidwa ndi mwala pachipumi. Anagwa ndi njinga, magazi atamutseka maso, koma anakwawa n'kugonera bokosilo. Chibonga chinatera pamsana, china m'nthiti. Mayi wina amene Nélia anamuchiritsira mwana anamupondereza mutu m'fumbi. Ena anamukoka tsitsi, anamumenya nsagwada ndi mpini wa khasu mpaka inaphotchoka, mano awiri n'kugwera pansi. Bokosilo linasweka pansi pa mimba yake. João Baptista anatola timabotolo, akuwerenga mayina mokweza ngati mphunzitsi, n'kumaswa kamodzikamodzi pamwala. Ka Rosalina anakatsegula mosamala, anathira magaziwo pansi n'kufotsera ndi phazi, mtima wake uli m'malo kuti wapulumutsa mlongo wake. Ena anali atayamba kutolera udzu wouma pamene apolisi anafika n'kuombera m'mwamba.

Apolisi pomutembenuza Nélia anapeza timabotolo titatu tili tamoyo m'malaya mwake. Tinapita, tinawerengedwa, ndipo yankho linati eni ake atatuwo anangopsa pang'ono. Za ena asanu ndi mmodzi palibe ankadziwa. Namwino aliyense anakana kuponda m'mudzimo, a m'mudzimo nawo anakana kuponda kuchipatala. Nélia, nsagwada itamangidwa ndi waya, ankalemba dzina la Rosalina papepala n'kupatsa aliyense wodutsa pabedi lake kuti akamutenge. Zinamupweteka kuposa nthiti zake kuti palibe anapita.

Sabata yachitatu tsitsi la Rosalina linayamba kutsalira pamphasa, nkhama zikuchucha magazi osaleka. João Baptista anamumangirira panjinga, n'kukankha mtunda wonsewo mpaka ku Milange. Anamugoneka m'chipinda chomwecho, mabedi awiri kuchokera pa Nélia. João Baptista anavula chipewa, anagwada pasimenti, n'kupempha Nélia kuti amubayenso mlongo wake, magaziwo awatumize kulikonse kumene akufuna.

Nélia anamuyang'ana Rosalina nthawi yaitali. Mawu anatuluka movutikira pakati pa mano omangidwa.

"Magazi aja ankati awawerenge kuti amupeze asanafike apa. Lero n'zooneka ndi maso, bambo João. Kakhaleni naye pafupi, mumugwire dzanja."

Rosalina anamwalira Lachinayi, ambulansi yodzamutengera kuchipatala chachikulu ku Quelimane ili m'njira.