Mpando wa Bambo Orest

Darlene Kowalchuk anabadwa wosakhazikika. Ali mwana ankakoka bedi lake kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo, mpaka mayi ake anatopa nako kukalipa. Atakula, matenda omwewo anasanduka ntchito: kukongoletsa m'nyumba za anthu. Anayamba ndi kusoka makatani kunyumba kwa makolo ake ku Winnipeg, chikwangwani n'kulemba "Makatani a Darlene". Kenako anatsegula shopu, nalemba antchito, nasintha dzina. Chaka chino dzina lachiwirilo linayambanso kumuyabwa. Ati anthu olemera a m'mbali mwa mtsinje sangaimbire foni munthu wotchedwa Darlene. Amafuna kampani yotchedwa "Mwala ndi Mtengo".

"Wayamba kugulitsa ziliza?" anafunsa Terry, mlongo wake, wokonza mapaipi, amene ankakhala ndi bambo awo.

"Iwe ona za mapaipi ako."

Dzina latsopano linkafuna zithunzi zatsopano pa intaneti, ndipo maso a Darlene anagwera pabalaza la bambo ake: windo lalikulu, pansi pamatabwa. Chopinga chinali chimodzi, chimpando chofiirira, chong'ambika, chomata ndi tepi poikapo mkono. Bambo Orest anayendetsa basi mumzindamo mpaka kupuma ntchito, koma tsopano misewu yonse inali itawathawa m'mutu, ngakhale mayina a ana awo ankabwera n'kumapita. Chokhacho chimene sichinkawasokonekera chinali mpandowo. Akauona ankadziwa kuti afika kwawo, n'kuvula nsapato.

"Mpandowu usaukhudze," anatero Terry. "Tsiku lina ndinangousuntha kuti ndisese, ababa sanadye."

"Aaa, nawenso! Upite nawo kuchipatala monga mwa masiku onse. Pobwera uupeza pomwepo."

Tsikulo Darlene anali piringupiringu. Analowetsa sofa yoyera yobwereka, mandimu m'mbale, mabuku otembenuza kuti mitu yake isaoneke. Zithunzi za banja anazitsekera m'kabati. Ndi mmene amachitira anthu a ntchito imeneyi: nyumba izioneka ngati simunagonemo munthu chimangire! Wojambula atadandaula kuti chimpandocho, chimene anali atachiika pakhonde, chikuonekera pawindo, Darlene sanacheuke n'komwe.

"Chikankhireni uko, kutali!" anauza onyamula katundu.

Iwo anachiika pakapinga, m'mbali mwa msewu. Nanga ndani kuno sadziwa kuti chinthu ukachiika m'mbali mwa msewu ndiye kuti wachitaya, wofuna atole? Darlene yemweyo shopu yake yoyamba anaidzaza ndi matebulo otola motero. Koma tsikulo mutu wake wonse unali pa mandimu, kuti akhale atatu kapena asanu.

Zithunzi zinatuluka bwino, bodza ayi. Atatuluka panja kuti akabweze mpando, anangopeza timaenje ta miyendo yake pakapinga.

Anagogoda khomo ili, khomo ilo, nsapato zazitali zikumupweteka. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anati anaona galimoto yapikapu ikuukweza. "Ndinachita kukusangalalirani, ndimvekere, mwautaya tsopano!" Darlene analowa m'galimoto n'kuzungulira misewu yonse yapafupi, akusuzumira m'mipanda ya eni ake ngati wakuba. Anaimbira Terry.

"Achedwetseko pang'ono. Agulire khofi, chonde."

"Ababa atopa. Tili pakona pomwepa. Bwanji, wachitanso chiyani?"

Darlene anadula foni. Anafika pakhomo pamene Terry ankatsegula chitseko, ndipo maso a Terry anagwera pamalo opanda kanthu pambali pa windo.

Bambo Orest anaima pakhomo, navula chipewa. Anayang'ana sofa yoyera, mandimu, mabuku opanda mitu, kenako Darlene.

"Nyumba yanu ndi yokongola, mayi."

"Ababa, ndi kwanu kuno. Ndine Darlene. Lowani, khalani apa."

Mkuluyo anamwetulira mwaulemu, koma nsapato sanavule. Anagwira Terry pamkono n'kumunong'oneza:

"Tiye, mwanawe, tisawavutitse eni ake. Undiperekeze kwathu kusanade."