Dzanja Limene Anandisankhira

Ine ndinabadwa wamanzere. Amayi ankati ngakhale bere ndinkaligwira ndi dzanja lamanzere, ndipo iwo ankangoseka. Amene sankaseka ndi atate. Atate anali telala, Msilamu wochokera ku Malawi, ndipo makina awo osokera ankakhala pakhonde la nyumba yathu ku komboni ya George. Kwa iwo dzanja lamanzere linali ndi ntchito imodzi yokha, ya kuchimbudzi. Kudyera ayi, kupatsira moni ayi, kulandirira kanthu kwa munthu wamkulu ndiye usayerekeze n'komwe. Nanga kulembera? Anati maphunziro ndi chinthu chaulemu, sangalowe m'mutu wa mwana wawo kudzera kudzanja lauve.

Nditangoyamba sukulu, ankati ndikakhala pansi kuti ndilembe, amatola kansalu kotsala pamakina n'kundimangira dzanja lamanzere kumbuyo, pa lamba wa diresi. Sanandimenyepo. Ankamanga mosamala, n'kufunsanso kuti, "Sikukuwawa, mwanawe?" Kenako n'kunena mwambi wawo woti kuwongola mtengo m'poyamba. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chomwecho: akanakhala munthu wankhanza, bwenzi ndikungodana nawo n'kupumula. Koma anali munthu wofatsa amene ankandikonda kuposa maso awo.

Dzanja lamanja linaphunzira, koma linaphunzira mokakamizidwa. Bolopeni ndinkaigwira ngati ikufuna kundithawa, ndipo ndinkadinda kwambiri moti zilembo zinkaonekera mpaka pamasamba otsatira. Ba Ticha athu a sayansi ankaima pambali panga n'kupukusa mutu. "Iwe mukazana, ulemba olo ulima? Pepa si munda iyi!" Kalasi yonse gwegwegwe kuseka. Ndinkaseka nawo, nanga ndikanatani.

Chaka chimene ndinali mu giredi naini zinthu zinali zitathina m'tauni. Amayi ankalawirira kukaima pamzere wa ufa, n'kubwera ndi sopo, kapena chimanjamanja. Salaula, kaunjika uja, anali atadzaza m'misika, ndipo palibe amene ankafunanso kusoketsa malaya pamene atha kutola ovalidwa kale pamulu. Atate, amene kale ankasoka masuti a anthu a m'maofesi, anatsala ndi ntchito yochepetsa mathalauza a azungu osadziwika ndi kuika zigamba. Madzulo ena anandiitana pakhonde n'kundiuza mosabisa. Malo a giredi teni anali ochepa, zimenezo ndinkadziwa. Anati ndikakhoza mayeso n'kusankhidwa, iwo alimbana nazo, ngakhale makinawo agulitsa. Koma zobwereza kalasi panalibe. Ndikalephera, azakhali anga a ku komboni ya Bauleni anali atandipezera kale malo, kukagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi.

Ine ndinkafuna unamwino. Ndinkaufuna moti ndikaona chovala choyera chitayanikidwa pachingwe mtima unkachita kugunda.

Tsono kusukulu kwathu mabuku kunalibe. Phunziro lililonse linali ndi buku limodzi, lothothoka chikuto, ndipo linkazungulira kalasi yonse. Likakufika umakhala nalo kanthawi, n'kukopera zonse zimene ungathe, mawa lake lili kwa mnzako. M'kalasimo ba Ticha ankadzaza bolodi kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kufunsa kuti "Mwasiliza?" chofufutira chili kale m'manja. Sukulu yathu inali kukopera basi. Makope nawonso ankasowa, ndiye tinkalemba tizilembo ting'onoting'ono, osasiya malo m'mphepete. Kunyumba ndinkalembera pakhonde, pafupi ndi makina, dzuwa lisanalowe, chifukwa parafini sanali woseweretsa.

Anzanga ankadandaulanso zala, koma zawo zinkangochita kachikhakha kolimba n'kuzolowera. Zanga zinkatuluka matuza. Loyamba linatuluka pachala chapakati, pamene bolopeni imatsamira. Lina pachala chachikulu. Likaphulika, khungu lapansi lofiira limakhala pamtunda, ndipo ukangogwira bolopeni umamva ngati wakhudza mbaula. Mayo ine, tinayesa zonse! Amayi ankandiviika zala m'madzi ofunda amchere, ine ndikuvina ndi ululu. Ankandipaka mafuta odzola, bolopeni n'kumaterereka. Mnzanga wina wokhala naye desiki anandikulungira bolopeni ndi mphira ya chubu cha njinga. "Manje yankhala monga handulu ya njinga, chova chabe," anatero. Zinathandiza masiku ochepa, kenako mphirayo inayamba kundiwotcha ndi thukuta.

Atate ankaona zonsezi ali pamakina. Tsiku lina anandiuza kuti nditambasule dzanja, n'kundiyeza zala ndi tepi yawo ngati kasitomala wa suti. Anasoka timatumba tiwiri ta nsalu yofewa, kena ka chala chachikulu, kena ka chapakati, msoko wake uli kunja kuti usandikhule. Tinali tokongola, sindinama. Anandiveka okha, n'kunena kuti, "Limba mtima, mwanawe, patsala pang'ono." Ine ndinayang'ana dzanja langa lamanzere lili phee pantchafu, losalala, lopanda ngakhale kabala. Ndinangoti zikomo. Kwathu mwana sankaphunzitsa atate ake.

Buku la sayansi linandifika mochedwa, mayeso atatsala pafupi. Amene ankazunguliza mabukuwo ankatsata mayina, ndipo ine ndinali kumapeto. Ndinalitenga Lachisanu, ndipo Lolemba linkayenera kupita kwa wina. Munthu wofuna unamwino angalisiye buku la sayansi? Ndinakhala pakhonde Loweruka lonse ndi Lamlungu lonse, ndikukopera za mtima, za magazi, za mapapo, ndi zithunzi zomwe. Thuza la pachala chapakati linaphulika m'kati mwa kathumba kaja, ine osaima. Nsalu inanyowa, inauma, inamatirira pabala, inanyowanso. Amayi anakalipa kuti ndipume. Ndinawayankha mwamwano kuti kupuma ndidzapumira ku Bauleni.

Patapita masiku angapo chala chija chinatupa mpaka kunyezimira. Chinkagunda chokha ngati chili ndi mtima wakewake, ndipo ululu unkakwera mpaka m'khwapa. Atate anawotcha singano pamakala n'kuboola, mafinya anatuluka, koma kutupa sikunaphwe. Amayi anandiperekeza kukiliniki. Tinakhala pabenchi m'mawa wonse, ndipo namwino amene anandiona, mayi wotopa wa maso achifundo, anati mankhwala omwa anatha kalekale. Anandipaka jivi, mankhwala ofiirira aja, n'kundimanga bandeji. "Ichi chala chifunika kupumula," anatero. Ndinamuuza kuti mayeso ayamba Lolemba. Anapukusa mutu n'kuitana wodwala wotsatira.

Lamlungu masana ndinayesa kugwira bolopeni. Inagwa. Ndinaitola, n'kuipanikiza pakati pa chala cholozera ndi chachikulu, ndikulemba mzere umodzi misozi ili chuchuchu. Makina a atate, amene ankalira tsiku lonse, anaima. Anadzuka pampando wawo, n'kudzagwada pambali panga, munthu wamkulu ngati uja. Anachotsa bolopeni kudzanja langa lamanja pang'onopang'ono. Kenako anatenga dzanja langa lamanzere, n'kulitambasula, n'kuika bolopeniyo m'menemo, n'kupinda zala zanga ndi manja awo.

"Lembera kuno," anatero motsitsa mawu. "Mulungu aona yekha."

Amayi anaima pakhomo, atagwira pakamwa. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa ndinkakhulupirira zaka zonsezo kuti dzanja langa lenileni likungodikira. Ndinkaganiza kuti likangomasulidwa lidzathamanga papepala. Ndinakoka kope, ndi kuyamba kulemba dzina langa.

Abale inu, zimene zinatuluka! Zilembo zazikuluzikulu, zokhota, zina zoyang'ana kumbuyo, ngati za mwana wa giredi wani. Ndinayesanso. Dzanja linkaphonya mzere, mkono unkafufuta inki ya zimene ndalemba. Linaimira pomwe analimangira paja, silinakule nane. Kusenda mbatata linkatha, kuponya mwala linkatha, koma kulemba linali litaiwala, kapena kuti silinaphunzire n'komwe.

Mkwiyo umene unandigwira sindinaumvepo chiyambire. Ndinaponya bolopeni pansi. "Mwalimasula lero?" ndinakuwa. "Lero, atate? Munalipha nokha dzanja ili, ndiye lero mukuti lidzuke lindilembere mayeso?" Anthu a nyumba yoyandikana nayo anasuzumira. Amayi anandizazira kuti nditseke pakamwa, atate ako sayankhulidwa choncho. Koma atate anakweza dzanja kuwaletsa. Anatola bolopeni ija, anaipukuta pa malaya awo, anaiika pakope, n'kubwerera pamakina. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, phazi lili pachopondera, osasoka kanthu.

Mayeso ndinalemba, ngati kumeneko n'kulemba. Ndinkayamba ndi dzanja lamanja, nditaluma mlomo, mpaka bandeji itanyowa ndipo zala zitakana. Kenako ndinkasinthira kumanzere, n'kumajambula chilembo chimodzichimodzi. Chowawa kwambiri n'choti mayankho ndinkawadziwa. Pa pepala la sayansi panabwera funso la kayendedwe ka magazi m'thupi, lomwe lija ndinakopera chala chikuphulika. Ndikanatha kuimirira n'kulilakatula lonse osapuma. Koma mayeso safunsa pakamwa. Woyang'anira atanena kuti tiike zolembera pansi, ndinali ndisanafike ngakhale pakati pa mafunso. Mnzanga wa desiki uja anandipeza panja nditatsamira khoma. Nthabwala zake zonse zinamuthera. Anangondinyamulira chikwama mpaka kunyumba.

Chala chinapola patapita masabata, chikhadabo chinathothoka n'kumera china chokhota. Zotsatira zinatuluka mvula ili pakati, George yense ali matope okhaokha. Amene anapita kusukulu kukaziona ndi atate, ine ndinakana. Ndinawaona akubwera chapatali, nsapato zili m'manja, thalauza atapinda. Mayendedwe awo okha anandiuza. Atafika pakhonde anati, "Unatsala pang'ono." Amayi anayamba kulira. Ine sindinalire, misozi inali itatha kale.

Sabata imeneyo atate anandisokera diresi latsopano, loyamba m'zaka zambiri, la nsalu yolimba yosachedwa kuuma, ndi epuloni yake. Sitinkayankhulana kwenikweni. Iwo ankayesa, ine ndinkayankha inde ndi ayi. Ndinali mwana, ndipo ndinali nditapwetekedwa.

Tsiku lopita ku Bauleni anandiperekeza okha kukakwera basi, atanyamula katundu wanga. Titafika pasiteshoni, anyamata oitanira akukuwa, anayamba kundilangiza monga kholo lililonse limachitira: kudzuka m'mamawa, kusatola kanthu ka eni, kulemekeza azakhali, kusaiwala mapemphero. Kenako anayang'ana manja anga onse awiri nthawi yaitali.

"Kumeneko akakupatsa ntchito," anatero, "kaya ndi kukolopa, kaya ndi kuchapa, ugwire ndi dzanja lililonse limene wafuna. Usavutike, mwanawe."

Ndinalandira katundu wanga n'kukwera basi. Itayamba kuyenda ndinasuzumira pawindo, ndipo ndinawaona ataima pamatope paja, akulira poyera, anthu onse akuona.